Kadyetsedwe ka mwana m'chigwa cha Shire: kupewa kunyentchera popanda kuopa ziwengo

M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Ngabu ndi ku Bangula limapyola madigiri 40, zinthu ziwiri zimachitika m'makomo ambiri. Khanda la miyezi iwiri likalira, agogo ake amatenga kasipuni n'kulimwetsa madzi poti lamva ludzu. Pakhomo lina, mwana wa miyezi 8 akatuluka tinsungu m'khosi tsiku lomwe wadya phala la nsinjiro, banja limagamula kuti mtedza wamuwenga, ndipo kuyambira pamenepo mtedza, mazira ndi nsomba amazichotsa zonse pa mbale yake. Onsewa amachita izi chifukwa chokonda mwana, koma zimathera kumodzi: mzere wa m'buku la kusikelo umasiya kukwera.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira, ndiye kuti msinkhu wawo ndi wotsalira poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira kwambiri kumachitika mwana asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo kukakhazikika n'kovuta kukubweza. Chakudya chowenga mwana chilipo ndithu, nthawi zina chimapha kumene, koma kuno kwathu ana ofooka chifukwa chomanidwa zakudya ndi ochuluka kwambiri kuposa amene chakudya chimawawengadi. Mwayi wake ndi woti njira yopewera mavuto awiriwa ndi imodzi, ndipo ili ndi ndondomeko yake.

Sitepe yoyamba: bere lokha kuyambira ola loyamba mpaka miyezi 6

Mwana akangobadwa aikidwe pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe. Mkaka woyamba uja wachikasu musaufinyire pansi. Umatuluka wochepa, inde, koma mimba ya khanda la tsiku limodzi nayo siposa kachipatso ka masau. Mkakawu uli ndi chitetezo chomwe chimakuta matumbo a mwana majeremusi asanalowemo. Madzi a shuga, madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'chitini m'masiku oyambawa zimasokoneza ntchito imeneyi. Madokotala a ziwengo amachenjezanso kuti kumwetsa khanda mkaka wa m'chitini sabata yoyamba n'kuusiya kungachititse kuti mkaka wa ng'ombe udzaliwenge m'tsogolo.

Nkhani ya madzi tiikhalirepo pang'ono, chifukwa m'chigwa muno ndi imene imagwetsa amayi ambiri. Mkaka wa m'mawere ndi madzi pafupifupi magawo 87 pa 100. Mwana akayamba kuyamwa, mkaka wotuluka poyamba ndi wamadzimadzi, wothetsa ludzu. Wakumapeto ndi wamafuta, wokhutitsa ndi wonenepetsa. N'chifukwa chake mwana azimaliza bere limodzi mpaka alisiye yekha musanamusinthire linalo. Kukatentha, amene ayenera kumwa madzi ambiri ndi mayi, mwana n'kumangoyamwa pafupipafupi, kasachepera 8 pa usana ndi usiku, ngakhale 12. Sipuni ya madzi imalanda malo a mkaka m'kamimba kakang'onoko, imabweretsa majeremusi otsekula m'mimba, komanso mijigo ina ya ku Chikwawa imatulutsa madzi amchere omwe impso za khanda sizingathe kuwasefa bwino. Mwana akachepetsa kuyamwa, bere nalo limachepetsa kupanga mkaka, ndiye pakatha masabata awiri mumamva kuti "mkaka wanga sukukwana," pamene chinayambitsa ndi kasipuni kaja.

Mudziwa kuti mkaka ukukwana ngati mwana akukodza kasachepera 6 pa tsiku, mkodzo wake wosafiira, ndipo sikelo yake ikukwera mwezi ndi mwezi. Ngati mawere akupweteka kapena nsonga zang'ambika, kawirikawiri vuto ndi kagwiridwe ka bere: kamwa la mwana litseguke kwambiri, mlomo wam'munsi upindikire kunja, chibwano chikhudze bere, ndipo mbali yakuda ya bere ilowe yambiri m'kamwa, osati nsonga yokha.

Mayi wopita kudimba, kokathyola thonje kapena kuganyu afinyire mkaka m'kapu yoyera yokhala ndi chivundikiro, aiike m'mbale ya madzi ozizira pafupi ndi mtsuko, ndipo mwana amwetsedwe maola 4 asanathe. Mwetsani ndi kapu. Botolo la nsonga ya labala n'lovuta kutsuka, ndipo m'nyengo yotentha mkaka wotsalira m'makwinya ake umawola msanga.

Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV ndipo akumwa ma ARV mokhulupirika ayamwitse bere lokha miyezi 6 ngati wina aliyense, n'kupitiriza kuyamwitsa monga achipatala amulangizira. Kuphatikiza bere ndi zakudya zina m'miyezi yoyambayi ndi kumene kumawonjezera chiopsezo. Mayi amene watenga pakati pena mwana akadali wamng'ono asamulekeretu kuyamwa tsiku limodzi. Mkaka wa mayi woyembekezera suwonongeka, ndipo ana ena ogonekedwa ku chipinda cha onyentchera nkhani yawo imayambira pa kuletsedwa bere mwadzidzidzi.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasale mtedza, mazira, nsomba kapena mkaka poganiza kuti akuteteza mwana ku ziwengo. Kusala kumeneku sikuteteza mwana, kumangofooketsa mayiyo.

Sitepe yachiwiri: phala lolimba akangokwanitsa miyezi 6

Mwana amabadwa ndi nkhokwe ya ayironi, michere yothandiza kupanga magazi, m'thupi, ndipo imatha pofika miyezi 6. Kuyambira pamenepo bere lokha silikwaniranso, ngakhale lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirirapo. Kuchedwa kuyamba chakudya kumachepetsa magazi, ndipo mwana wa magazi ochepa malungo akamupeza amamugwetsa msanga.

Cholakwika chachikulu ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, lomwe mwana amachita kumwa. Mimba ya mwana wa makilogalamu 8 imadzadza ndi kapu imodzi yokha ya mamililita 250. Mukaidzaza ndi madzi osungunuliramo ufa, mwana amakhuta, amagona, mayi n'kumati wadya, koma thupi silinalandire kanthu. Phala labwino ndi lomwe mukapendeketsa sipuni limakakamira, kugwa kwake mochita kudontha pang'onopang'ono.

Ufa wake konzani motere. Tengani makapu 4 a chimanga cha mgaiwa, mapira kapena mchewere, ndi kapu imodzi ya soya, khobwe kapena nandolo. Muyeso umenewu wa zinayi pa chimodzi ndi womwenso wa Likuni Phala. Soya, khobwe kapena nandolo mumusankhe, mumukazinge pamoto wochepa mphindi 15 mpaka 20 afiirire koma asapserere, mumupere pang'ono n'kupeta makoko, kenaka mukagayitse pamodzi ndi chimangacho. Soya wosakazinga amatupitsa mimba ndipo thupi limalephera kumugaya bwino. Gayitsani wokwanira masabata awiri okha, chifukwa ufa wokhala ndi mafuta umasasa msanga kukatentha.

Pophika chakudya chimodzi, sungunulani masipuni aakulu atatu a ufawu m'kapu imodzi ya madzi, muphike mukutakasa mphindi 10 mpaka 15. Likamapsa thiranimo sipuni ya tiyi imodzi ya mafuta ophikira, ndi chimodzi kapena ziwiri mwa izi: sipuni yaikulu ya nsinjiro, sipuni ya tiyi ya ufa wa matemba kapena usipa, dzira, kapena sipuni ya masamba ophika opotedwa bwino monga nkhwani, chitambe, bonongwe ndi chamwamba, chomwe kuno ambiri amati sangowa. Shuga ndi mchere zisalowemo mwana asanakwanitse chaka.

Pali kaluso kena komwe amayi ofulula thobwa ali nako kale m'nyumba. Phala lolimba likavuta kumeza, musathiremo madzi. Liphuleni, lizizire mpaka lifike poti chala chikhoza kupirira, muwazemo sipuni ya tiyi ya ufa wa chimera n'kutakasa. Pakatha mphindi zochepa phalalo limafewa lokha, chifukwa chimera chimaphwanya ufa uja, koma chakudya chonse chimakhala chili momwemo. Libwezereni pamoto liwire kamodzi musanadyetse.

Miyeso yake ndi iyi. Masiku oyamba, masipuni aakulu awiri kapena atatu kawiri pa tsiku, mutayamba mwamuyamwitsa. Kuyambira miyezi 6 mpaka 8, kawiri kapena katatu pa tsiku, kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu. Miyezi 9 mpaka 11, katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse, chakudya chodulidwa tizidutswa toti atole yekha ndi zala. Kuyambira chaka mpaka zaka ziwiri, katatu kapena kanayi, kuyambira magawo atatu a magawo anayi a kapu mpaka kapu yodzadza, kuphatikizapo zotolatola kamodzi kapena kawiri monga nthochi, papaya, mango kapena mbatata yofiira m'kati. Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Akamadyera limodzi ndi akulu ake simungadziwe kuti wadya zingati, ndipo wamng'ono ndi amene amatsalira.

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. M'chigwa muno onse alipo ngakhale m'mudzi wosauka. Mlamba ndi makakana a ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi, chitowe, mphodza, malambe, masau, bwemba. Ufa wa malambe kapena masau opota uli ndi vitamini C yemwe amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi masamba, pamene tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironiyo. Mwana asamwe tiyi, mafirizesi kapena zakumwa zotsekemera, ndipo tizakudya totupitsa ta m'mapaketi timangomupha njala osamupatsa kanthu. Uchi dikirani akwanitse chaka, chifukwa umatha kukhala ndi majeremusi opuwalitsa khanda. Ndipo nsima yonyika mumsuzi wokha si chakudya cha mwana. Zomanga thupi zili mu mnofu wa nsomba ndi nyemba zenizenizo, msuzi ndi madzi onunkhira chabe.

Sitepe yachitatu: kuyambitsa zakudya zomwe zimakonda kuwenga

Zakudya zomwe kawirikawiri zimawenga ana ndi mtedza, mazira, mkaka wa ng'ombe, nsomba, soya, chitowe ndi tirigu. Taonani mndandandawu bwino: kupatula tirigu, zonsezi ndi zomwe zimamanga thupi la mwana wa kumudzi. Mukazichotsa, chotsala ndi phala la ufa wokha.

Kale ngakhale madokotala ankalangiza kuchedwetsa zakudyazi. M'chaka cha 2000 madokotala a ana ku America ankati ana a m'mabanja okhala ndi ziwengo asadye mtedza mpaka zaka zitatu, koma mu 2008 analeka kulangiza zimenezi. Chaka chomwecho gulu la Pulofesa Gideon Lack wa ku London linaonetsa kuti ana achiyuda okulira ku Britain mtedza unkawawenga pafupifupi kakhumi kuposa anzawo a ku Israel, komwe makanda amayamba kudya zamtedza akadali aang'ono. Kenaka anachita kafukufuku wotchedwa LEAP pa makanda 640 omwe anali pachiopsezo chachikulu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Pofika zaka 5, mtedza unkawenga ana pafupifupi 17 pa 100 mwa omwe anausala, koma atatu okha pa 100 mwa omwe ankaudya sabata ndi sabata.

Chifukwa chake n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimaphunzira. Chakudya chikalowa kudzera m'kamwa ndi m'matumbo mwana akadali wamng'ono, thupi limachizolowera kuti ndi chakudya. Chikayamba kulowa kudzera pakhungu long'ambika, thupi limatha kuchitenga ngati mdani. Izi zikutikhudza kwambiri, chifukwa m'makomo mwathu mtedza umasendedwa ndi kusinjidwa khanda lili pamsana. Mwana wa khungu louma, loyabwa ndi losweka m'masaya ndi m'mapindiko a manja, matenda omwe achipatala amati eczema, amakumana ndi fumbi la mtedza tsiku ndi tsiku pakhungu, pamene m'kamwa akumumana. Sambani m'manja mukatha kusinja musanamudzoze, mudzozeni Vaseline wosanunkhira kawiri pa tsiku, ndipo mafuta a mtedza kapena ophikira asapakidwe pakhungu losweka.

Mwina mudzawerenga pa Facebook kuti kunja ena amayambitsa mtedza pa miyezi 4. Kuno musatero. Kumene madzi ake ndi a pachitsime kapena a mumtsinje wa Shire, chiopsezo cha kutsekula m'mimba pa miyezi 4 chimaposa phindu lililonse. Yambani pa miyezi 6, koma mukayamba musazengereze: zakudya zonsezi zikhale zitalowa mwana asanakwanitse chaka, makamaka m'miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira.

Kachitidwe kake, poyamba ndi mtedza. Sankhani tsiku lomwe mwana ali bwino, alibe chifuwa, malungo kapena kutsekula m'mimba, ndipo akhale atazolowera kale phala masiku angapo. Chitani m'mawa, tsiku lomwe chipatala n'chotsegula, osati madzulo pamene kabaza amavuta kupeza. Phikani masipuni a tiyi awiri a nsinjiro yosefa bwino m'phala lochepa. Mupatseni kansonga ka sipuni kokha, mudikire mphindi 10 mukuyang'ana nkhope, milomo ndi kapumidwe kake. Ngati palibe chachitika, mupatseni lotsalalo monga mwa nthawi zonse, ndipo mukhale naye pafupi maola awiri. Bwerezani mawa ndi mkuja, kenaka pitani ku chakudya china. Masiku atatu amenewa ndi oti chinachake chikachitika mudziwe kuti wayambitsa ndani. Maungu, mbatata, nthochi ndi masamba sizifuna kudikira kotereku.

Dzira liwiritseni mphindi 10 mpaka lilimbe lonse, mupote choyera ndi chachikasu pamodzi, muyambe ndi kansonga ka sipuni, masiku otsatira theka, kenaka lonse. Dzira laliwisi kapena losapsa limawenga kwambiri ndipo limabweretsa matenda a m'mimba. Nsomba yambani ndi mnofu wa mlamba, womwe minga yake ndi yosavuta kuchotsa, muufinye ndi zala kawiri kuonetsetsa kuti mulibe munga. Matemba akazingeni aume, muwasinje ndi mitu yomwe, musefe. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, womwe ku Chikwawa ndi ku Nsanje sumasowa, uwiritseni kaye n'kuphikira phala, kuyamba ndi sipuni imodzi. Usalowe m'malo mwa bere. Chitowe chikazingeni n'kuchisinja ngati nsinjiro.

Sitepe yomwe ambiri amaiwala ndi kupitiriza. Kulawa kamodzi sikukwanira. Ana a mu kafukufuku uja ankadya zamtedza katatu kapena kupitirira pa sabata. Chakudya chikalowa bwino, chizibwera pa mbale kawiri kapena katatu sabata iliyonse. Kuchisiya miyezi ingapo kumatha kubwezeretsa vuto lomwe mumalipewa.

Awiri okha ndi amene ayambe aonana ndi dokotala: mwana wa eczema yoopsa yofalikira thupi lonse, ndi amene chakudya china chinamuwengapo kale. Amenewa kulawa koyamba kuchitikire kuchipatala. Kukhala ndi mchimwene kapena mchemwali yemwe mtedza umamuwenga si chifukwa chochedwetsera.

Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga ndi nthangala za masau zisaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 5, zimatsamwitsa. Ndipo mtedza wa mwana usankhidwe umodziumodzi. Wofota, wosweka, wakuda kapena wowawa uli ndi chuku, chomwe chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo poizoniyu sapsa ngakhale muphike motani. M'makomo ambiri mtedza wabwino umapita kumsika, wotsalira n'kukhala wa nsinjiro. Wa mwana uchokere m'gulu la wabwinowo, ndipo musaunyowetse posenda.

Sitepe yachinayi: kusiyanitsa ziwengo zenizeni ndi zongofanana nazo

Chakudya chikawengadi, zizindikiro zimabwera msanga, kawirikawiri mphindi zochepa mpaka maola awiri, ndipo zimabwereza nthawi iliyonse mwana akachidya. Pakhungu pamatuluka zotupa zotukuka zoyabwa ngati walumidwa ndi udzudzu wambiri, zomwe zimasuntha malo. Milomo kapena zikope zimatupa, mwina amasanza. Zikatere lekani chakudya chimenecho chokha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo alembe m'buku lake dzina la chakudyacho.

Izi ndiye zoopsa: kupuma movutika kapena molira ngati mluzu, kutsokomola kosalekeza, mawu kusasa mwadzidzidzi, lilime kutupa, mwana kulefuka ngati nsanza, kutuwa kapena kukomoka. Apa musadikire bambo abwere, musayambe mwapita kwa asing'anga. Kwerani chilichonse chomwe chilipo. Mankhwala opulumutsa moyo ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, ndipo amapezeka kuchipatala. Piriton amachepetsa kuyabwa basi, satsegula njira ya mpweya, komanso si wopatsa khanda popanda dokotala. Panjira musamumwetse kanthu kapena kumusanzitsa. Ngati walefuka mugonekeni m'manja mwanu, ngati akusanza mutembenuzireni chammbali.

Mkaka wa ng'ombe uli ndi kawengedwe kenanso kochedwa: timagazi m'chimbudzi, kusanza mobwerezabwereza, khungu kuipiraipira, sikelo osakwera. Izinso n'zofunika dokotala, chifukwa kamwazi amaonetsanso magazi m'chimbudzi.

Tsono zongofanana nazo ndi zambiri, ndipo m'chigwa muno ndi zimene zimanamiza anthu. Tinsungu ting'onoting'ono tofiira m'khosi, pamsana ndi m'khwapa m'nyengo yotentha ndi ta thukuta. Timatha mukamusambitsa kawiri kapena katatu pa tsiku ndi kumuchotsa zipewa zaubweya ndi mashawelo. Kuyabwa usiku, pakati pa zala ndi kumapazi, pamene ena m'nyumba akukandanso, ndi mphere, ndipo banja lonse lilandire mankhwala. Kufiira kozungulira pakamwa pokha atadya tomato kapena mango ndi khungu kupsa ndi madzi a chipatsocho. Kutsekula m'mimba tsiku lotsatira atadya nsomba nthawi zambiri ndi nkhani ya nsomba yogona, manja osasamba kapena phala lomwe linakhala padzuwa. Chakudya chophika chisapitirire maola awiri chisanadyedwe, chikapitirira chiwiritsidwenso.

Ngati dokotala watsimikiza kuti chakudya chakuti chikumuwenga, chotsani chimenecho chokha n'kuika china m'malo mwake. Wosadya mazira adye nsomba, nyama yosinja ndi khobwe. Wosadya mtedza apeze mafuta ku mapeyala ndi mafuta ophikira, zomanga thupi ku nsomba ndi nandolo. Ana ambiri omwe mkaka ndi mazira zimawawenga amasiya akamakula, choncho funsani kuchipatala nthawi yoyeseranso. Za mtedza ndi nsomba zimakonda kukhalitsa, musayesere nokha kunyumba.

Sitepe yachisanu: kuyeza

Maso a mayi amene amaona mwana tsiku lililonse sazindikira msanga kuti akuwonda. Pitani kusikelo mwezi uliwonse, ngakhale katemera atatha. Mzere ukaima miyezi iwiri kapena kutsika, funsani alangizi pomwepo. Vitamini A amalandira kuyambira miyezi 6, kenaka miyezi 6 iliyonse, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba amayamba akakwanitsa chaka.

Kunyumba gwiritsani kalamba koyezera mkono, komwe azaumoyo amati MUAC, kwa mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo. Pezani pakatikati pa phewa ndi chigongono cha mkono wamanzere, mkono ulendewere, muzungulize kalambako mosamanga kwambiri komanso mosalekerera. Pobiriwira, masentimita 12.5 kupita m'mwamba, ali bwino. Pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, wayamba kunyentchera. Pofiira, kuchepera 11.5, ndi wodwala kwambiri ngakhale akusewera. Dinikizaninso ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri masekondi atatu. Pakatsala maenje mbali zonse, mwana watupikana, ndipo kumeneku ndi kunyentchera koopsa, osati kunenepa. Tsitsi lofiirira lothothoka ndi khungu losupuka zimayenda nako limodzi. Akuluakulu ena amati ndi tsempho, n'kuyamba kufunsana kuti walakwa ndani pakati pa bambo ndi mayi. Nkhani zimenezo zikambidwe mwana ali kale kuchipatala.

Kumeneko, ngati akadali ndi chilakolako cha chakudya amupatsa chiponde chokadyera kunyumba. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodziyo, paketi iliyonse inawerengedwa malinga ndi kulemera kwake, ndiye chisagawidwe kwa abale ake kapena kugulitsidwa. Mupatseni pang'onopang'ono ndi madzi abwino akumwa, mutayamba mwamuyamwitsa. Popeza n'chamtedza, nenani msanga ngati mtedza unamuwengapo. Wokana kudya, wotupa kwambiri kapena wodwala matenda ena amagonekedwa n'kuyamba ndi mkaka wapadera wa F-75 pang'onopang'ono, chifukwa thupi lofooka chonchi kulidzaza chakudya mwadzidzidzi kumatha kuimitsa mtima.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: mwana akadwala, kapena madzi akasefukira

Mwana wotsekula m'mimba asalekedwe bere kapena chakudya. Mupatseni Thanzi ORS akangochita chimbudzi, ndi mankhwala a zinki masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsekulako kutasiya. Liwombo likalowa m'kati ndiye kuti madzi atha m'thupi, kumatapo mankhwala pamutu sikubweza madziwo. Akachira muwonjezereni chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Apa ndi pamene ana ambiri amatsalira, chifukwa matenda amatha koma makilogalamu omwe anatayika palibe amene amawabweza.

Anthu a ku Makhanga, Chiromo ndi Nchalo akudziwa zomwe madzi anachita mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Kumsasa, bere ndi chakudya chokhacho chomwe madzi osefukira sangachiipitse. Mantha ndi njala zimatha kuchedwetsa mkaka kutsika, koma siziumitsa bere. Mayi apeze pokhala pabata, amwe, adye chomwe chilipo, mwana aziyamwa pafupipafupi ndi usiku womwe. Ngakhale mayi amene anali atasiyitsa mwana akhoza kubwezeretsa mkaka pomuika kubere kambirimbiri masiku angapo. Mkaka waufa wobwera ndi anthu akufuna kwabwino musamwetse khanda, pokhapokha azaumoyo atauona ndi kukuonetsani kasungunulidwe kake. Madzi ophikira ndi akumwa a mwana woposa miyezi 6 awiritsidwe kapena athiridwe klorini n'kudikira mphindi 30.

Ufa wa soya wa chithandizo ukabwera, gawo la mwana lipatulidwe tsiku lomwelo lisanalowe mumphika wa banja. Nyika, zomwe anthu amakumba m'madambo nthawi ya njala, zimadzaza mimba koma sizikuza mwana, ndiye ziphatikizidwe ndi kansomba kapena nsinjiro ngakhale pang'ono. Mvula isanayambe, mu Novembala, sinjani ufa wa matemba, wa sangowa wouma pamthunzi ndi nsinjiro ya mtedza wosankha, muziike m'mabotolo ouma otseka bwino. Mabotolowo, kalamba koyezera mkono ndi buku la kusikelo zikhale m'jumbo limodzi lomanga pakamwa, lopachikidwa pamalo oti mukhoza kulitenga mumdima.